Ng'ombe ya malume ndi bondo la Reinildo

Kuno ku Ulongwe, ku Mozambique, mwezi wa July umazizira mpaka zala kuuma. Ligi za ku Ulaya zimakhala zili pa tchuthi, koma baraka yomwe timaonerako mpira imadzazabe ngati kuli fainolo. Kanema amangoyaka pakona popanda womuyang'ana, anthu titazungulira mbaula, aliyense maso pa foni. Ino ndi nyengo yogula ndi kugulitsa osewera, ndipo kunena zoona, mikangano ya nyengo imeneyi imaposa ya nthawi ya mpira weniweni. Mpira ukamaseweredwa, chigoli chimatseka anthu pakamwa. Pa nkhani ya mitengo palibe woyimba wezulo.

Ine ndine wa Sporting, timu ya ku Portugal yomwe mdani wake wamkulu ndi Benfica. Malume anga ndi a Benfica kuyambira nthawi ya atsamunda, pomwe mpira ankaumvera pa wailesi ya mabatire kusitolo ya mzungu. Mwini baraka ndi wa Chelsea. Pali mnyamata wina woyendetsa njinga yamoto amene amavala jezi ya Manchester United ngakhale pa maliro, aphunzitsi ena a masamu a Arsenal, ndi bambo wina wa ku Dedza amene amabwera kudzapikula mbatata ya kachewere. Ameneyo akuti za ku Ulaya alibe nazo ntchito, iye ndi wa Maule basi, koma mkangano uliwonse amaulowa mpaka m'khosi.

Usiku womwe ndikufuna kukamba unali wa kumapeto kwa July 2025, Arsenal itangotenga Viktor Gyökeres kwa ife. Aphunzitsi analowa akuvina. Ine ndinangoti vinani, koma kumbukirani kuti munthuyo tinamutola ku Coventry mu 2023 ndi mayuro pafupifupi 20 miliyoni, watimwetsera zigoli 97 m'masewero 102, watipatsa ligi kawiri motsatizana, ndiye inu mwatipatsa zoposa 60 miliyoni kuti mumutenge ali ndi zaka 27. Wadyera ndani pamenepa? Aphunzitsi anati ndalama sizimwetsa chigoli, ndipo chaka chamawa tidzaika akaunti ya kubanki kutsogolo kuti izidumphira makona. Baraka yonse inagwa ndi phwete, ine ndemwe.

Malume sanaseke. Iwo akamva za Sporting kupindula, chakudya sichitsika. Anakoka mpando nati, "Mphwanga, usamatokote pamaso pa akulu. Kugulitsa munaphunzira kwa ife. João Félix tinamugulitsa 126 miliyoni ku Atlético mu 2019, mwana wa zaka 19 amene anasewera chaka chimodzi chokha m'timu yaikulu. Darwin tinapatsa Liverpool. Nanga Enzo?" Apa anatembenukira kwa mwini baraka, amene anayamba kupukuta tebulo loyera kale.

Nkhani ya Enzo Fernández ndi chilonda chomwe malume amakonda kuchikanda. Benfica inamutenga ku River Plate pakati pa chaka cha 2022 ndi ndalama zosafika 20 miliyoni. Mnyamatayo anapita ku Qatar, nakatenga chikho cha dziko lonse ndi Argentina, ndipo pofika kumapeto kwa January 2023 Chelsea inatulutsa 121 miliyoni. Miyezi isanu ndi umodzi yokha. Malume amati ngakhale wogula nkhumba yowonda n'kuinenepetsa ndi gaga sapindula chonchi. Aphunzitsi anatenga foni, nati tiyerekeze kuti yuro imodzi ndi mameticais 70. Inatuluka nambala ya 8,470 miliyoni. Wa ku Dedza anafuna kuti aisinthe ikhale makwacha, koma aphunzitsi anati foni yawo ilibe malo okwanira maziro.

Mwini baraka ali ndi yankho lake lomwe amalibwereza chaka ndi chaka, ndipo pang'ono lili ndi nzeru. Amati Chelsea sinataye ndalamazo tsiku limodzi. Enzo anasaina zaka zisanu ndi zitatu ndi theka, ndiye m'mabuku mtengowo umagawidwa pa zaka zonsezo, ngati mmene munthu amatengera feteleza pa ngongole n'kumabweza akakolola. N'zoona, ndipo njira imeneyi Chelsea inaigwiritsa ntchito mopyola mpaka UEFA inasintha lamulo mu 2023, kunena kuti mtengo wa wosewera usagawidwe kupitirira zaka zisanu. Koma ngongole ndi ngongole. Ife a kuno tikuidziwa bwino. Fodya akapsa ndi matalala, amene anakupatsa feteleza safunsa za matalala, amangobwera ndi kope lake.

Mnyamata wa njinga yamoto anali chete nthawi yonseyi, poganiza kuti mwina tamuiwala. Sitinamuiwale. Wa ku Dedza anangoti "Antony", ngati akuitana mwana, ndipo anthu anayamba kuzungulira pamalo amodzi kutsanzira kasewero kaja kotembenuka ndi mpira. United inapereka pafupifupi 95 miliyoni kwa Ajax mu 2022. Chikomekome cha mkuyu. Mnyamatayo anadzitchinjiriza kuti Antony yemweyo atabwerekedwa ku Real Betis mu January 2025 anasanduka munthu wina, ndiye vuto silinali iye. Ndinamuuza kuti wanena zoona, koma zoona zakezo zikumupweteka yekha: ngati wosewera akuchira akangochoka kwanu, ndiye kuti matenda ali m'nyumba mwanu. Ndinawonjezera kuti mphunzitsi wathu Rúben Amorim anachoka ku Sporting mu November 2024 ali wonenepa ndi womwetulira, taonani mmene mwamusandutsira. Anandilonjeza kuti sadzandinyamulanso pa ngongole.

Mpaka apa unali mkangano wa masiku onse, wongosekana. Unasintha pomwe wina anatchula Eden Hazard.

Mwini baraka amamukonda Hazard ngati mwana wake, ndipo amanyadira kuti Chelsea inamugulitsa pa nthawi yake. Real Madrid inapereka pafupifupi 100 miliyoni mu 2019. Zaka zinayi, masewero 76, zigoli 7, kenaka mu October 2023 anasiyiratu mpira ali ndi zaka 32. Aphunzitsi anagawa pa foni nati chigoli chilichonse chinadya mamiliyoni oposa 14. "Kuba kwa masana," anatero wa njinga yamoto, wokondwa kuti moto wachoka pa iye. "Munthu kumangodya ndalama ali chigonere."

Malume anapukusa mutu. Iwo moyo wawo wonse agula ndi kugulitsa ng'ombe, kuyambira ku Domwe mpaka ku Tsangano, ndipo ine ndili mwana ndinkawaperekeza. Ndikukumbukira mmene ankagulira ng'ombe ya pangolo. Sankayamba ndi mtengo. Ankaitsegula kukamwa kuona mano, n'kuisisita pakhosi pomwe pamakhala goli kuti amve ngati pali chipsera cholimba. Kenaka ankauza mwini wake kuti aiyendetse, iwo atanjuta kumbuyo, maso pa miyendo yakumbuyo. Ankaiyendetsa pokwera, n'kuiyendetsanso potsika, chifukwa ati ng'ombe yobisa chilema imaululika potsetsereka. Zonsezi zikatha ndiye ankatchula ndalama. Usiku umenewo anatikumbutsa za ng'ombe yakuda imene anagula chaka china atachita zonsezi, yopanda banga, koma sabata yachitatu inaponda m'dzenje la nyerere ikukoka ngolo ya chimanga n'kuthyoka mwendo. "Ndiye mundiuze," anatero, "wondigulitsa uja anandibera? Kapena ng'ombeyo inandibera? Inadziponya dala m'dzenje kuti izidya msipu waulere?"

Palibe anayankha msanga. Chomwe ambiri amaiwala n'chakuti Hazard sanafike ku Madrid wolumala. Mu November 2019, pa masewero a Champions League ndi PSG, Thomas Meunier, mnzake wa timu ya dziko la Belgium, anamuponda pa kakolo, ndipo kuchokera pamenepo phazi limenelo silinabwererenso mwakale. N'zoona kuti anafika ku Madrid atanenepako, iye mwini sankabisa kuti pa tchuthi amadya. Koma kunenepa kumatha ndi kuthamanga mwezi umodzi. Fupa la kakolo lomwe lathyoka kawiri ndi nkhani ina.

Apa ndi pomwe ine ndimasiyana ndi anzanga ambiri. Tikamati wosewera "sanabweze ndalama", timasakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Pali kugula mopusa, komwe ndi mlandu wa wogula: kuona mnyamata wawala miyezi itatu n'kutulutsa ndalama za munthu amene wawala zaka zisanu, kapena kugula wosewera wabwino amene kaseweredwe ka timu yako sikamufuna. Pamenepo sekani ndithu, ndipo ine ndiseka nanu. Koma pali dzenje la nyerere, lomwe palibe dokotala wa timu angalione pomuyeza munthu tsiku losaina. Kuseka wovulala ngati kuti wakuba n'kusadziwa mpira. Ndipo mtengo suikidwa ndi wosewera. Antony sanalembe 95 miliyoni pamphumi pake. Anthu ovala masuti anakhala m'chipinda n'kugwirizana, koma amene amanyozedwa m'mabaraka kuyambira ku Manchester mpaka ku Furancungo ndi mwana amene anangouzidwa kuti kwera ndege.

Malume, poti ndi malume, sakanalola kuti nkhani ya mabondo idutse osatchula Eusébio. Ndaimva kambirimbiri koma sinditopa nayo, ngakhale imatha ndi kunyoza timu yanga. Eusébio anabadwira ku Mafalala mu 1942 ndipo ankasewera Sporting ya ku Lourenço Marques, imene lero ndi Maxaquene. Timu imeneyo inali ngati mwana wa Sporting ya ku Lisbon, choncho aliyense ankadziwa kuti mnyamatayo akupita kwa ife. Benfica inadutsira kwa mayi ake. Kumapeto kwa 1960 anamukweza ndege, n'kukamubisa ku Lagos, m'chigawo cha Algarve, mpaka mkangano wa mapepala utazizira. Mu 1962 anamwetsa ziwiri pomwe Benfica inagonjetsa Real Madrid 5-3 mu fainolo ya chikho cha Ulaya, mu 1965 anatenga Ballon d'Or, mu 1966 anamwetsa zigoli 9 pa chikho cha dziko lonse. Malume amati uku ndiye kugula, ndipo ife a Sporting takhala tikulira maliro amenewa kwa zaka zoposa 60. Ine ndimayankha kuti uku sikunali kugula, kunali kuba mkazi wa mwini ali kale pa chinkhoswe.

Koma usiku uwu anawonjezera chomwe sakonda kunena. Anati bondo la Eusébio linang'ambidwa ndi madokotala kambirimbiri, ndipo nthawi zambiri ankalowa m'bwalo lisanapole chifukwa anthu analipira kudzaona iye, osati wina. "Benfica inapindula," anatero malume, akuyang'ana makala. "Koma bondolo analinyamula yekha mpaka kumanda." Eusébio anamwalira mu January 2014, ndipo ndikukumbukira malume atakhala pakhonde tsiku lonse osapita kudimba.

Chinthu chimodzi chokha chimatigwirizanitsa m'baraka muja, ndicho ana athu a Mambas, timu ya dziko lathu. Geny Catamo atamwetsa ziwiri zija pomwe Sporting inagonjetsa Benfica 2-1 mu April 2024, malume anatukwana, kenaka anaimirira n'kuwomba m'manja, n'kutukwananso. Mwezi wa July womwewu wa 2025 tinali titamva kuti Reinildo Mandava wapita ku Sunderland. Ulere. Kontrakiti yake ku Atlético inali itatha, Sunderland sinalipire kalikonse kwa Atlético, ndipo mwana wa ku Beira anali pafupi kukhala munthu woyamba wa dziko lino kusewera Premier League.

Wa njinga yamoto anati chaulere chimakhala ndi chifukwa, anthu aja ataya katundu wowonongeka. Apa ndinapsa mtima zenizeni, ndipo sizinali za mpira zokha. Reinildo anatenga ligi ya France ndi Lille mu 2021. Atlético inamutenga mu January 2022 ndi tindalama tochepa, pafupifupi 3 miliyoni, tomwe Chelsea ingagulire madzi akumwa, ndipo nthawi yomweyo anakhala chipilala kumbuyo m'timu ya mphunzitsi Simeone. Mu February 2023, pa Bernabéu, akusewera ndi Real Madrid, mtsempha wopingasa wa m'kati mwa bondo unaduka. Mtsempha umenewu ndi womwe umagwira fupa la msongolo kuti lisaterereke kutsogolo munthu akaima mwadzidzidzi kapena akapotoloka phazi lili pansi. Sulumikizika wokha. Amachita kutenga mtsempha wina m'thupi lomwelo n'kuusokerera, kenaka miyezi isanu ndi itatu kapena isanu ndi inayi munthu akuphunziranso kuyenda, kukwera masitepe, kuthamanga, n'kumaliza ndi chovuta kwambiri, kukhulupiriranso mwendo wake. Reinildo anadutsa zonsezo. Mu January 2024 pa chikho cha Africa ku Côte d'Ivoire, Ghana ikutitsogolera 2-0 nthawi itatha kale, Geny anamwetsa penate, ndipo patangopita mphindi zochepa Reinildo anadumpha ndi bondo lomwelo n'kumwetsa ndi mutu. 2-2, Ghana n'kupakira. Usiku umenewo mu Ulongwe agalu sanagone. Ameneyo ndiye katundu wowonongeka?

Chomwe chinandipsetsa mtima n'chakuti mng'ono wanga anali pomwepo, pa benchi ya kumbuyo pomwe amakonda kukhala atatambasula mwendo wamanja.

Mng'ono wangayu anali womwetsa zigoli wa timu ya m'mudzi mwathu, ndipo sindikukometsa chifukwa ndi m'bale wanga. Nayenso anagulidwapo. Timu ya mudzi wina kufupi ndi malire inamufuna pa mpikisano wa nthawi yokolola, womwe mphotho yake inali mbuzi ndi jezi. Akuluakulu a timu ziwirizo anakhala pansi pa mtengo wa mango tsiku lonse, ndipo mtengo wake unali machuteira atsopano, thumba limodzi la feteleza ndi mipira iwiri ya timu yathu. Kwathu anthu anati tagulitsa motchipa. Kwawo anati agula modula. Mkangano wake unali womwewu wa Enzo, kungochotsa maziro. Anthu ena ankanena kuti akapitiriza chonchi tidzamuona ku Chingale, timu ya ku Tete, mwinanso ku Songo komwe timu ya kumeneko inatenga Moçambola, ligi ya dziko lino, mu 2017, 2018 ndi 2022. Iye ankangoseka, koma machuteira aja ankagona nawo kumutu.

Masewero ake achinayi, pa bwalo lomwe mbali ina ndi lotsetsereka ndipo pakati pamadutsa njira ya ngolo, anapotoloka kuti athawe wotchinga kumbuyo. Palibe anamugunda. Ine ndinali kumbali ndipo ndinamva kaphokoso ngati munthu wathyola phesi la chimanga louma. Anagwa, anayesa kudzuka, bondo linangopinda lokha ngati la mwana wa ng'ombe wongobadwa. Tinamukweza pa njinga. Pofika madzulo bondo linali ngati dzungu. Kuchipatala anajambula nati fupa lili bwino, n'kumupatsa mapilitsi ndi bandeji, ndipo ananena zoona, fupa linali bwino. Mtsempha suoneka pa chithunzi cha mafupa. Makina ouona ali kutali, opaleshoni yake ili kutali kuposa pamenepo, ndipo titawerenga za ulendo, zogona ndi zolipira, tinapeza kuti ngakhale titagulitsa mbatata ya zaka ziwiri sitifika. Agogo anatema mphini n'kupaka mankhwala. Kutupa kunatha. Mpira unatheranso pomwepo.

A timu ija anabwera kudzamuona kamodzi, ndi nkhuku. Ulendo wachiwiri anabwera kudzafunsa ngati machuteira angabwezedwe, poti munthu wasewera masewero anayi okha. Sindikuwada. Anasonkherana ndalama zimenezo movutika, ndipo kwa iwo analidi ataluza. Mawu omwe ananena ndi omwewo timanena ife za Hazard, kuti sanabweze ndalama. Mng'ono wanga analowa m'nyumba, anawatulutsa atawapukuta bwino, n'kuwapereka.

Choncho wa njinga yamoto atanena za katundu wowonongeka, ine ndinayamba kukweza mawu, koma malume anandigwira pa bondo kuti ndikhale. Anamufunsa mnyamatayo modekha kuti, "Iwe mwana, njinga yakoyo ikaduka tcheni umaitaya?" Iye anati ayi, amagula ina. "Chifukwa sitolo ya matcheni ili pafupi," anatero malume. Sanapitirize. Mwini baraka anakweza mawu a kanema, wa ku Dedza anayamba kufotokoza za chigoli cha Gabadinho Mhango chomwe anamwetsa Morocco ali kutali mu January 2022, ngati kuti sitinachionepo maulendo 100, ndipo mkangano unabwerera kwa Arsenal, ngati Gyökeres angakwanitse kuthamangitsana ndi otchinga a ku England kapena ankangoopseza timatimu ta ku Portugal. Ndinamuteteza, ngakhale anatithawa. Aphunzitsi anamunyozako pang'ono, ngakhale ndi wawo. Sindikudziwa kuti zinatembenuka nthawi yanji.

Pa 16 August baraka inadzaza kusanade. Sunderland ndi West Ham, masewero omwe chaka china chilichonse sitikanawayang'ana n'komwe. Panalibe wa Benfica kapena wa Chelsea tsiku limenelo, ndipo wa njinga yamoto anabwera atavala jekete pamwamba pa jezi yake. Sunderland inapambana 3-0. Anthu ankakuwa Reinildo akangokhudza mpira, ngakhale poponya ndi manja.

Mng'ono wanga anachoka pa benchi yake n'kudzakhala kutsogolo, pafupi ndi kanema. Ndinaona kuti sakutsatira mpira. Mpira ukapita mbali ina, maso ake amatsala kumanzere kwa bwalo. M'chigawo chachiwiri Reinildo anathamangira munthu, anaima mwadzidzidzi, n'kupotoloka phazi lili pansi. Mng'ono wanga anandigwira mkono mwamphamvu.

"Achimwene, mwaona? Sakuliopa n'komwe."

Mpira utatha anadzuka msanga, poti m'mawa mwake anali ndi matumba a mbatata oti akweze pa lole ya bambo wa ku Dedza. Malume anamuuza kuti adikire, apitira limodzi pa ngolo, kunja kwada ndipo njira ya kumtsinje ili ndi maenje.